Thandizeni: zimbale za FLAC zikugawikana pa seva ya kunyumba

Wofunsa

Moni nonse m'gulu muno. Funso langa ndi lalitali pang'ono, mundipirire.

Kunyumba kuli ma CD oposa 200. Ena ndinagula ndekha, koma ambiri anali a malemu bambo anga: makwaya a mipingo, mabandi a kwathu kuno, nyimbo za ku Zambia ndi ku Zimbabwe, rumba ya ku Congo, ndi jazi pang'ono. Ena ayamba kukalika, ndiye ndakhala ndikuwakopera pa kompyuta asanawonongekeretu. Ndikugwiritsa ntchito pulogalamu ya Exact Audio Copy ndipo ndikusunga mu FLAC, mtundu wa fayilo umene umachepetsa kukula osataya mawu, chifukwa ndikufuna zonse zili pa CD zisungike mmene zilili. Mafayilo ali pa hard drive yolumikiza ku laputopu yakale imene ndaikamo Navidrome, pulogalamu ya seva ya nyimbo, kuti aliyense m'nyumba azimvera pa foni yake kudzera pa Wi-Fi.

Nyimbo zikumveka bwino. Chandivuta ndi dongosolo. Chimbale chimodzi chokhala ndi oimba osiyanasiyana chikuoneka ngati zimbale zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, chilichonse ndi nyimbo imodzi kapena ziwiri. Kwaya imodzi ikupezeka malo atatu pa mndandanda wa oimba. Ndipo pafupifupi ma CD onse a kwathu akungolemba Track 01, Track 02, opanda dzina ngakhale chithunzi. Ndinayesa MusicBrainz Picard, pulogalamu imene imatenga mayina a zimbale ndi nyimbo ku database ya pa intaneti ya MusicBrainz. Za kunja inazipeza mosavuta, koma za makwaya athu siikuzidziwa n'komwe. Amayi akafuna nyimbo ya kwaya ya ku mpingo kwawo amachita kundiitana kuti ndiwapezere, pomwe cholinga chinali choti azipeza okha.

Ndiyambire pati, pa mafoda kapena pa ma tag? Nanga zimbale zimene palibe database imene ikuzidziwa mumazitani? Palinso katoni ya makaseti imene sindinaikhudze.

Membala wa ku Blantyre

Achimwene, yambirani pa ma tag. Navidrome imasanja zimbale potengera ma tag, zolembedwa m'kati mwa fayilo, osati mayina a mafoda, komanso siisintha mafayilo anu, imangowawerenga. Choncho kukonza konse kuchitike ndi pulogalamu ina.

Kugawikana mukunenako kumachokera pa tag ya ALBUMARTIST. Pali ARTIST, amene ndi woimba nyimbo imeneyo, ndiye pali ALBUMARTIST, mwini chimbale chonse. ALBUMARTIST ikakhala yopanda kanthu, seva imatenga ARTIST m'malo mwake, ndiye nyimbo iliyonse yokhala ndi woimba wina imasanduka chimbale chakechake. Tsitsani Mp3tag. Dzina lisakusokonezeni, imakonzanso FLAC, ndipo ya Windows ndi yaulere. Sankhani nyimbo zonse za chimbale chimodzi nthawi imodzi, lembani ALBUMARTIST imodzi, dzina la chimbale limodzi, chaka chimodzi, n'kusunga. Ngati chimbale ndi chosonkhanitsa oimba ambiri chopanda mwini, lembani Various Artists ndipo muike COMPILATION kukhala 1. Ngati ndi cha woimba mmodzi amene wangoitana mnzake pa nyimbo ziwiri, ALBUMARTIST ikhale ya mwini wakeyo, mlendoyo alembedwe pa ARTIST ya nyimbo ziwirizo basi.

Chaka muchisamale. Nyimbo imodzi ikakhala ndi chaka chosiyana ndi zinzake, kapena dzina la chimbale likakhala ndi mpata wowonjezera kumapeto, chimbale chikhoza kugawikanabe ngakhale zina zonse zili bwino.

Wofunsa

Zikomo achimwene. Ndayesa pa chimbale chimodzi cha rumba, chabwerera pamodzi. Nanga za ma CD awiri m'chikuto chimodzi? Ndizilembe CD1 ndi CD2 pa dzina?

Membala wa ku Blantyre

Ayi, dzina la chimbale likhale limodzi pa onse awiri. Gwiritsani DISCNUMBER, 1 pa yoyamba, 2 pa yachiwiri, ndipo TRACKNUMBER iyambirenso pa 1 pa CD yachiwiri.

Mayi wa ku Zomba

Ine ndilankhulepo za makwayawo, chifukwa ndi mbali imene imandikhudza. Ndakhala ndikusonkhanitsa nyimbo za makwaya a mvano ndi a achinyamata, ndipo palibe pulogalamu imene ingakugwirireni ntchito imeneyo. Picard imadziwa zokhazo zimene munthu wina analowetsa kale mu MusicBrainz. CD ya kwaya imene inagulitsidwa pabwalo la tchalitchi Lamlungu, mwachidziwikire palibe anailowetsa. Ndiye mukhale pansi ndi chikuto m'manja, mulembe nokha.

Musanalembe, tengani kope kapena tsegulani spreadsheet, musankhe kalembedwe kamodzi ka dzina la gulu lililonse. Kwaya imodzi yomweyo pa chikuto china inalembedwa ndi dzina la mpingo patsogolo, pa china dzina la mudzi, pa china inafupikitsidwa, pena Choir pena Kwaya. Kompyuta imaona zimenezi ngati magulu osiyana, n'chifukwa chake mukuiona malo atatu. Sankhani limodzi, limenelo likhale lamulo. Dzina monga lilili pa chikuto mulilembe mu COMMENT kuti lisatayike. Ndipo makwaya okhala ndi dzina lofanana alipo ambiri, mayina a oyera mtima ndi a malo a m'Baibulo amabwerezabwereza, ndiye muziphatikizapo dera kapena mpingo pa dzinalo.

Mayina a nyimbo muwalembe bwinobwino m'chinenero chake. Ma tag a FLAC amasungidwa mu UTF-8, choncho ŵ ndi ng' zimalowa popanda vuto. Palinso tag ya LANGUAGE: nya ndi Chichewa, tum ndi Chitumbuka, yao ndi Chiyao, sna ndi Chishona, bem ndi Chibemba, lin ndi Lingala. Tsiku lina mudzafuna nyimbo zonse za Chitumbuka pamodzi, mudzathokoza kuti munalemba.

Chinthu china chimene ndikukupemphani: jambulani zikuto zonse, kutsogolo, kumbuyo ndi m'kati. Chakutsogolo muchisunge m'foda ya chimbale ndi dzina lakuti cover.jpg, seva imachitenga yokha. Koma chakumbuyo ndiye chuma. Pamenepo pamalembedwa situdiyo imene anajambulira, wopeka nyimbo, woimba kiyibodi, wotsogolera kwaya. Anthu amenewa salembedwa pena paliponse. Pepala likanyowa kapena chiswe chikalowa, mayina awo apita. Wopeka mumuike mu COMPOSER. Pamene chikuto sichikunena chaka, musaganizire, siyani popanda kanthu. Ndipo afunseni amayi anu, nyimbo zambiri azidziwa akangomva mzere woyamba.

Membala wina

Koma akulu, mavuto onsewa ndi a chiyani? MP3 ya 320 kbps palibe amasiyanitsa ndi CD, makamaka pa sipika ya Bluetooth. Mukungodzaza hard drive.

Wogwira ntchito mu situdiyo, Lilongwe

Pa Bluetooth mwanena zoona, akulu. Bluetooth yanthawi zonse imafinya mawu ndi SBC kapena AAC, ndiye FLAC siifika ku sipika mmene ilili. Komanso anthu ambiri sangasiyanitse MP3 yabwino ndi CD pongomvera. Koma cholinga cha mnzathuyu ndi kusunga. Kuchokera ku FLAC mutha kupanga MP3, Opus kapena mtundu uliwonse umene udzabwere mawa. Kuchokera ku MP3 simungabweze zimene zinadulidwa. CD ikafa, kope limene munasunga ndilo lokhalo. Ndipo malo si ambiri: CD imayenda pa 1411 kbps, pafupifupi 10 MB pa mphindi, FLAC imachepetsa kufika pafupifupi theka kapena kupitirirapo pang'ono. Ma CD 200 sangadzaze ngakhale 128 GB.

Koma wofunsa, pali chimodzi chimene muyenera kudziwa pa ma CD a kwathu. Si onse amene anachokera ku master, kope loyamba la ku situdiyo. Ambiri anabenedwa pa kompyuta kuchokera ku MP3, makamaka aja ogula pamsika ndi m'malo obenera nyimbo, ndipo ngakhale ena ogula kwa eni ake. Mukakopera CD yotero mu FLAC, fayilo imakula koma mawu ake ndi a MP3 yomwe ija. Tsegulani nyimbo mu Spek, kapulogalamu kaulere koonetsa chithunzi cha mawu. CD yeniyeni ya 44.1 kHz imatha kufika cha pa 22 kHz. Mukaona mzere wowongoka ngati wodula ndi mpeni cha pa 16 kHz, pamwamba pake pali mdima, kawirikawiri imeneyo inadutsa mu MP3 ya 128 kbps. Samalani ndi zojambula zakale zochokera ku tepi, zimenezo mawu apamwamba amazilala pang'onopang'ono, si chizindikiro cha MP3.

Musazitaye. Mwina ndi kope lokhalo limene latsala la chimbale chimenecho. Ingolembani mu COMMENT kuti gwero lake ndi lokayikitsa, kuti mukadzapeza labwino mudzadziwe loti mulowetse m'malo.

Wofunsa

Ndayang'ana zimbale zingapo, ndipo zina za makwaya zadukadi pa 16 kHz. Zandipweteka mtima pang'ono, koma ndizisunga. Ndaonanso kuti Exact Audio Copy ikunena kuti ma CD a kwathu sali mu AccurateRip. Kodi ndiye kuti ndinakopera molakwika?

Wogwira ntchito mu situdiyo, Lilongwe

Ayi achimwene. AccurateRip imangoyerekeza zotsatira zanu ndi za anthu ena amene anakopera CD yomweyo. Ngati palibe anatumizako, ilibe choyerekezera. Pa ma CD otero gwiritsani secure mode ndi Test & Copy mu Exact Audio Copy. Imawerenga nyimbo kawiri, ndipo manambala a CRC, otsimikizira zimene yawerenga, akafanana mutha kukhulupirira kuti yawerenga bwino. Fayilo ya log muisunge m'foda momwemo. CD yokalika muyambe mwaipukuta ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kunja, osati mozungulira. Ikakana pa drive imodzi yesani ina, ma drive amasiyana mphamvu.

Makaseti ndi ntchito ina, muiyambe mukamaliza ma CD. Pamafunika deki yabwino, chingwe cholowa mu line in ya kompyuta, ndi Audacity, pulogalamu yojambulira ndi kudulira mawu. Mujambule mbali yonse, mudule nyimbo pambuyo, ndipo mu tag ya MEDIA mulembe Cassette. Kope loyamba musalitsuke phokoso, lisungeni mmene latulukira.

Membala wa ku Johannesburg

Palibe wanena za mafoda, ndiye ndinene. Ngakhale Navidrome siiwadalira, muwakonze ndithu, chifukwa mukadzasamukira ku maseva ena monga Jellyfin kapena Plex, amenewo amafuna chimbale chilichonse chikhale m'foda yakeyake. Ine ndimachita: mwini chimbale, m'kati mwake chaka ndi dzina la chimbale, m'kati mwake nambala ndi dzina la nyimbo, monga 01, 02, ndi ziro patsogolo kuti 10 isabwere pambuyo pa 1. Musasinthe mayina pamanja. Ma tag akakhala bwino, Mp3tag ndi Picard zonse zimatha kupanga mayina ndi mafoda kuchokera ku ma tag. Musawagawe mafoda potengera mtundu wa nyimbo, mudzakangana nokha kuti chimbale ichi ndi cha uzimu kapena cha chikhalidwe. Mtundu upite mu GENRE, ndipo mitunduyo ikhale yochepa.

Pa Picard chenjezo limodzi: batani la Scan limagwiritsa AcoustID kuzindikira nyimbo ndi mawu ake, ndipo pena limabalalitsa chimbale chimodzi kupita ku zimbale zosiyana zimene zili ndi nyimbo yomweyo. Yambani ndi Cluster kenako Lookup, ndipo muyang'ane bwino musanasunge.

Komanso ndikupempheni, mukamaliza kulemba za makwaya, zilowetseni mu MusicBrainz. Ndi yaulere, aliyense angathe kutsegula akaunti n'kuwonjezera chimbale. Simutumiza nyimbo ayi, mayina okha ndi kutalika kwa nyimbo. Ifenso kuno tili ndi ma CD omwewo, tidzapindula.

Mayi wa ku Zomba

Ndikugwirizana nazo. Mayina tigawane, koma mafayilo a nyimbo akhale a m'nyumba mwanu. Makwaya ndi oimba athu anasonkha ndalama kuti ajambule.

Membala wa ku Mzuzu

Zonsezi zili pa hard drive imodzi? Achimwene, musagone lero musanakopere pa ina. Ntchito yolemba ma tag pamanja ndi ya miyezi, ndipo imakhala m'kati mwa mafayilo omwewo, drive ikafa zonse zapita limodzi. Mukhale ndi yachiwiri imene mumangolumikiza pokopera, ndi yachitatu kwa m'bale kwina. Muyambe mwakopera musanayambe kusintha ma tag a zimbale zambiri nthawi imodzi. Laputopu yakaleyo ili ndi ubwino wake, batire ikakhala yamoyo magetsi akazima siizima mwadzidzidzi. Mukadzafuna kusamutsira seva pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi, muipezere ka UPS, batire yothandiza magetsi akazima, chifukwa memory card yake siichedwa kuwonongeka magetsi akamadukaduka. FLAC iliyonse imasunga MD5, nambala yotsimikizira mawu ake, ndiye lamulo la flac -t limakuuzani ngati fayilo yawonongeka.

Wofunsa

Zikomo nonse, mayi a ku Zomba makamaka. Drive yachiwiri ilipo, ikukopera panopa. Ndiyamba ndi kope la mayina a makwaya Loweruka, amayi avomera kukhala nane. Funso lomaliza: zimbale zina zikumveka mokweza kwambiri kuposa zina, amayi akungokhalira kusintha voliyumu. Ndichite normalize mu Audacity?

Membala wa ku Blantyre

Musatero, zimenezo zimasintha mawu enieniwo. Gwiritsani ReplayGain. Imayeza kukwera kwa nyimbo n'kulemba nambala mu tag, mawu osawakhudza, ndiye pulogalamu yomvera ndi imene imatsitsa kapena kukweza. Pulogalamu ya foobar2000 imachita zimenezi: sankhani nyimbo zonse, muiuze iyeze monga zimbale potengera ma tag, choncho muchite mukamaliza kukonza ALBUMARTIST. Pa foni ya amayi muikepo pulogalamu yolankhulana ndi Navidrome imene imadziwa ReplayGain, monga Symfonium pa Android, yomwe ndi yogula. Musankhe album gain akamamvera chimbale chonse, track gain akamasakaniza nyimbo. Ndipo mukadzafuna kumvera muli kunja kwa nyumba, seva itha kusintha nyimbo kukhala Opus kapena MP3 pomwe ikutumiza. Ola limodzi pa 128 kbps ndi pafupifupi 58 MB, pomwe FLAC ingakudyereni data yopitirira 300 MB.