Pepala la m'kabati likuti china, foni ikuti china: agogowa tiziwanyamula bwanji?

Nangozo wa usiku:

Moni nonse. Ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba kuno ku Leeds, ndinabwera mu 2022. Tili ndi agogo ena aakazi, zaka zinapitirira 80, omwe mpaka mwezi watha ankaimirira ndi Sara Stedy, kangolo kaja munthu amapondapo n'kudzikoka ndi manja ake, ife n'kumukankha kupita kuchimbudzi. Anadwala chibayo, anakagonekedwa masabata awiri, pobwerako miyendo inali itafookeratu. A fiziyo anabwera Lachiwiri masana, atawayesa anati basi, kuyambira lero ndi hoist (makina onyamulira munthu m'mwamba), anthu awiri, sling (nsalu yomwe munthuyo amakhalamo ponyamulidwa) ya medium. Nesi analemba tsiku lomwelo mu care plan ya m'foni, momwe mumalembedwa kasamalidwe ka munthu aliyense.

Koma kuseri kwa chitseko cha kabati ya zovala kuli pepala lokutidwa pulasitiki lolembedwa kalekale: Sara Stedy, munthu mmodzi. Palibe analichotsa. Pepala la handover, lopatsirana uthenga posinthana shifiti, linangoti agogo abwerako, akudya bwino.

Lachinayi usiku ndinali ndi mtsikana wa agency (kampani yobwereketsa antchito), woyamba kumene kufika kwathu, wopanda login yowerengera care plan m'foni. Cha m'ma 3 koloko agogo analiza belu, ine ndili ku zipinda za pansi ndi munthu wina amene anasanza. Mtsikanayo anachita zomwe wina aliyense wanzeru akanachita, anatsegula kabati, n'kuwerenga, n'kukatenga Sara Stedy. Agogo atangodzuka pang'ono mawondo anapinda. Mwayi wake anagwera chagada pabedi, anangosupuka khungu pamkono, mukudziwa khungu la okalamba mmene limakhalira.

M'mawa funso loyamba la a manijala linali lakuti bwanji simunatsatire care plan. Mumtima ndinati iti? Mtsikanayo analira m'basi yonse. Inu kwanuko mumatani kuti uthenga wa kanyamulidwe ka munthu ukhale pamalo amodzi?

Anesi a ku Manchester:

Pepani achemwali, mwaona zoopsa. Mtsikanayo mumuuze kuti asadziimbe mlandu. Matambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo inu kumeneko muli nawo oposa awiri. Tawerengani: foni, pepala la m'kabati, pepala la handover, mwinanso bolodi ya mu ofesi, kuphatikizapo zomwe zili m'mutu mwa anthu okhalitsa, aja amati ine agogowa ndimawadziwa. Uthenga ukangokopedwa pamalo pena, mwatenga ngongole. Tsiku lomwe a fiziyo asintha, wina ayenera kuyenda malo onsewo, ndipo pa shifiti ya anthu ochepa palibe amayenda.

Kwathu tinagwirizana kuti mwini nkhani ndi care plan basi. Handover sibwereza malangizo, imangoti kanyamulidwe ka chipinda chakuti kasintha lero, kawerengeni musanawakhudze. Mapepala a m'makabati tinawazula onse.

Komanso care plan yongoti "hoist" ndi yosakwanira. Izinena mtundu wa sling, saizi yake, zingwe za mtundu wanji kumapewa ndi za mtundu wanji kumiyendo, anthu angati, ndipo izinena pa ntchito iliyonse payokha: kuchoka pabedi kupita pampando, kuchimbudzi, kosamba, kuwatembenuza pabedi, kuwadzutsa pansi akagwa. Alipo ena amene m'mawa amaima bwinobwino koma ikamakwana 6 koloko madzulo mphamvu zatha. Zimenezonso zizilembedwa.

Za a manijala anuwo, lamulo la Manual Handling Operations Regulations la 1992 limaika udindo pa olemba ntchito kuti aunike kuopsa kwa kunyamula, ndi kuunikanso zinthu zikasintha. A CQC, bungwe loyendera malo osamalira anthu kuno ku England, nawo akabwera amafuna zolembedwa zolondola ndi zatsopano. Ndiye polemba lipoti la ngoziyo mulembe mosabisa kuti m'kabati munali pepala lakale, ndipo wa agency sanapatsidwe login. Musalijambule ndi foni yanu, pali dzina la munthu pamenepo, mungadziputire mlandu wina. Lichotseni mukalipereke m'manja mwa a manijala, n'kulemba mu lipoti kuti mwatero.

Bambo a Chisomo, Luton:

Anesi, ndikugwirizana nanu theka. Zozula mapepala onse n'zabwino kwa inu okhala ndi kompyuta patebulo. Ine ndimayenda khomo ndi khomo, makomo 12 tsiku lina, ndipo midzi ina ya kunja kwa tauni netiweki yake ili ngati ya kwathu kuphiri. Ufike pakhomo 7 koloko m'mawa, app ikungozungulira, bambo wanyowa pabedi, mnzako wonyamula naye akuyang'ana wotchi. Uwerenga chiyani?

Kwa ine pepala silinalakwe. Cholakwika n'chakuti linalibe deti, ndipo linalibe mwini. Kampani yathu imasindikiza tsamba la kanyamulidwe kuchokera mu app momwemo, pamwamba pali deti, n'kuliika mu faelo ya pakhomopo. Amene wasintha mu app ndi yemweyo amabweretsa tsamba latsopano n'kutenga lakale. Ndikapeza deti la papepala likusiyana ndi la m'foni, sindinyamula munthu, ndimaimba ku ofesi kaye, ngakhale azilusa.

Chinanso achemwali, musamadalire mtundu wa sling pamtima. Mitundu yosonyeza saizi imasiyana kampani ndi kampani, ndipo sling ya zingwe siikoledwa pa hoist yofuna ya ma clip. Ndinaonapo munthu atabwereka sling ya chipinda china poti nayonso ndi yachikasu. Muziwerenga kachikwangwani kake, pomwepo muonenso ngati inayesedwa, paja malamulo a LOLER amati zida zonyamulira anthu ziziyesedwa miyezi 6 iliyonse.

Anesi a ku Manchester:

Achimwene, pamenepo sitikutsutsana. Tsamba losindikizidwa kuchokera mu care plan, lokhala ndi deti, ndi mwana wa care plan yomweyo. Vuto limayamba tsiku lomwe wina watenga cholembera n'kuwonjezera zake m'mphepete. Koma za kulephera kuwerenga za m'foni mwalasa. Kulowetsa munthu pa shifiti osamupatsa njira yowerengera, ndiye kuti mwamuuza kuti azilota.

Mai Phiri a ku Zomba:

Ine za hoist ndimangozimva kwa inu a kunja, kuno hoist ndi msana wanga ndi wa mlongo wanga. Koma nkhaniyi ndi yomweyi. Bambo athu anachita sitiroko chaka chatha, mbali ya kumanja inafa. Potuluka m'chipatala a fiziyo anandionetsa ine, poti ndine ndinali gadiyani: osawakoka dzanja lofalo, osawanyamula m'khwapa, kuwatembenuza pafupipafupi kuti asachite zilonda, pilo pansi pa mkono. Ndinaika zonse pa gulu lathu la WhatsApp. Pasanathe masiku atatu zinakwiririka ndi mauthenga a ndalama ya thiransipoti ndi mavesi a m'mawa.

Kenako ndinapita kumaliro masiku awiri. Mlongo wanga, ndi chikondi chake chonse, ankawadzutsa powakoka manja onse awiri monga ankachitira kale. Phewa linayamba kuwawa, bambo ankabuula ukangowakhudza. Azakhali nawo anabwera ndi malangizo awo, akuti aziimitsidwa mokakamiza kuti mwendo udzuke. Munthu wamkulu ungamukanize bwanji?

Ndinagula kope la ana asukulu, ndinalimanga ndi labala pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala, limakhala pawindo pafupi ndi bedi. Tikapita kwa a fiziyo ndimawapempha anene pang'onopang'ono, ndilembe, ndiike deti, tsamba lakale ndilidule mzere. Azakhali akayamba zawo sindikangana nawo, ndimangoti azakhali, tiyeni tione zomwe adokotala analembetsa. Kope amalilemekeza kuposa ine.

Nangozo wa usiku:

Zikomo nonse. Lipoti ndinalemba monga mwanenera anesi, pepala ndinapereka pamanja. Usiku wa dzulo ine ndi mnzanga tinayenda zipinda zonse 11 za m'mwamba, kabati ndi kabati, foni ili m'manja. Tinapeza mapepala ena atatu osagwirizana ndi care plan, limodzi linali la munthu amene anamwalira chaka chatha, chipindacho muli wina. A manijala atawaona anangoti zii, kenako anati a agency azipatsidwa foni ya pa shifiti akangofika.

Za kusindikiza tsamba la deti, bambo a Chisomo, ndikazinena pa msonkhano wa Lachisanu. Bolodi ya mu ofesi ndiye ikadalipo, ndipo pa dzina la agogo aja pakadali Sara Stedy. Ndinafuna kufufuta, koma analemba ndi maka osafufutika.