Apongozi ali ndi khansa yosachiritsika, tiwasiye m'manja mwa ndani?

aNambewe, Ulongwe

Moni nonse. Apongozi anga aakazi, a zaka 61, ali ndi khansa ya khomo la chiberekero. Madokotala ku Tete atiuza kuti yafalikira, opaleshoni siingathandizenso, chotsala n'kuwachepetsera ululu ndi kuwasamala bwino. Pabanja tagawanika. Alamu anga akufuna akagonekedwe kuchipatala. Amayi a Chigwirizano akuti azibwera kunyumba. Palinso namwino wina wopuma pantchito amene akuti tizimulipira pamwezi. Ena akuti tiwoloke nawo malire pa Calómuè tikafune thandizo ku Malawi. Onsewa akulankhula zokoma. Inu odziwa, tifunse chiyani kuti tione amene angawasamaledi? Ndipo anthu ogwira ntchito akhale angati kuti tinene kuti akukwana?

Bambo Mwale, Moatize

Pepani ndi matendawa, aNambewe. Musanayang'ane mabedi kapena mtengo, afunseni onse anayiwo funso limodzi: ululu ukakula, ndani alembe morfina, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, ndipo ikatengedwa kuti? Amene akuzungulira poyankha asatsogolere chisamalirochi, ngakhale akhale wamtima wabwino chotani. Angathandize zina.

Njira yochepetsera ululu imene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa mu 1986 ili ndi masitepe atatu. Poyamba paracetamol, 1 g maola 6 alionse, osapitirira 4 g patsiku, ndipo kwa munthu wowonda kwambiri amachepetsako. Ikakanika amaonjezera tramadol kapena codeine. Tramadol sapitirira 400 mg patsiku, ndiye akafika pamenepo ululu ulipobe, kuonjezera n'kungoitana nseru ndi chizungulire. Pamenepo ndi pa morfina. Khansa yofalikira m'chiuno nthawi zambiri imafika pa sitepe yachitatuyi, n'chifukwa chake ndayambira apa.

Munthu woidziwa ntchitoyi sanena kuti "muziwapatsa akamva kupweteka". Amapereka pa nthawi yake, ululu usanabwerere. Morfina yamadzi kapena yamapiritsi ogwira msanga imatha mphamvu pa maola 4, ndiye ambiri amaika 6 koloko m'mawa, 10 koloko, 2 koloko masana, 6 koloko madzulo, kenako 10 koloko usiku mlingo wowirikiza kuti wodwala ndi womusamala agone mpaka kucha. Kwa mayi wofooka amayambira pa 2.5 mg kapena 5 mg. Ululu ukabuka pakati pa nthawizi pamakhala mlingo woonjezera, wofanana ndi wa maola 4 uja, ndipo umalembedwa m'kope kuti wolemba receita (pepala lolandirira mankhwala) aone ngati mlingo wa tsiku uyenera kukwera. Mapiritsi ogwira pang'onopang'ono, a maola 12, samaphwanyidwa kapena kutafunidwa. Mukawaphwanya mphamvu yonse imalowa m'thupi nthawi imodzi. Choncho funsani kuti ali ndi mtundu uti, ndi chimene adzachite mayi akadzalephera kumeza.

Werengani nawo masamu pamaso pawo. Ngati botolo lalembedwa 5 mg mu 5 ml ndipo mayi akumwa 5 mg, ndiye 30 ml patsiku, 210 ml pasabata, osawerengera yoonjezera ija. Botolo la 500 ml silikwana masabata atatu. Afunseni kuti likatha Loweruka madzulo achita chiyani. Apa ndi pamene chisamaliro chambiri chimadukira: mankhwala amayambika bwino, kenako pamadutsa masiku anayi farmácia (kolandirira mankhwala) ilibe kapena wolemba palibe, ululu n'kubwerera wonse pamodzi ndi thukuta, kunjenjemera ndi kutsekula m'mimba. Palinso morfina yamadzi ya 50 mg mu 5 ml, yamphamvu kakhumi, ndiye botolo latsopano lililonse muziliwerenga musanathire.

Zina ziwiri zimaonetsa msanga ngati munthu anaphunzira. Choyamba, morfina imadzimbitsa pafupifupi aliyense, ndipo kudzimbidwako sikutha ndi kuzolowera. Wolemba morfina popanda mankhwala ofewetsa m'mimba, monga bisacodyl usiku, waiwala theka la ntchito. Nseru ndi tulo za masiku oyamba zimatha zokha pakadutsa masiku ochepa, ndipo metoclopramide amathandiza.

Chachiwiri ndi impso, ndipo pa khansa iyi n'chachikulu. Chotupa chikakula chimafinya mitsempha yotsitsa mkodzo kuchokera ku impso. Zikatero ibuprofen ndi diclofenac amaononga impsozo moonjezera, ndipo morfina imaunjikana m'thupi. Mukaona mkodzo ukuchepa, miyendo ikutupa, mayi akungogona osadzuka bwino, kapena manja akudzidzimuka okha, musapereke mlingo wotsatira musanalankhule ndi técnico (wachipatala wothandiza dokotala) kapena dokotala. Funsani namwino wolipidwayo kuti angatani ataona zimenezi. Yankho lake likuuzani zambiri kuposa satifiketi.

Mayi a Tadala, Matundo

Bambo Mwale anena za mankhwala, ine ndinene za manja, chifukwa funso lanu lachiwiri lagona pamenepo.

Musafunse kuti "muli ndi antchito angati". Aliyense amawerenga ndi ophika omwe. Yambani mwawerenga ntchito ya tsiku limodzi. Munthu amene sangathe kudzitembenuza amafunika kutembenuzidwa maola awiri alionse, ndiye ka 12 usana ndi usiku. Mankhwala kasanu. Kusambitsa, kutsuka m'kamwa, kusintha nsalu nthawi iliyonse zanyowa, kudyetsa phala pang'onopang'ono ndi sipuni. Kumukweza bwinobwino pabedi kumafuna anthu awiri, wina kumapewa wina kuchiuno, atagwira nsalu yoyalidwa pansi pake, chifukwa kumukoka kumasupula khungu. Munthu mmodzi sangachite zonsezi kupitirira masiku ochepa osagwa nayenso. Pakhomo pamafunika anthu atatu osinthana, mmodzi wa iwo wa usiku amene masana amagonadi.

Tsopano ikani gulu lililonse pa muyeso umenewu.

Kuchipatala pitani nokha kawiri, Lamlungu masana ndi tsiku lina cha m'ma 9 koloko usiku. Werengani mabedi okhala ndi anthu, muwerengenso anamwino amene ali pa wodi nthawi imeneyo. Muonenso amene akutembenuza ndi kusambitsa odwala. M'zipatala zathu ntchito imeneyi kwambiri imakhala ya wachibale wodikirira, ndiye alamu anu adziwe kuti kugoneka mayi sikuchotsa mtolo pabanja, kumangousamutsira pakhonde la chipatala. Chipatala chimaposa onse pa zinthu zinazake: magazi akataika ambiri, mkodzo ukatsekeka, kusanza kukakana kuleka, kapena ululu ukafuna kukonzedwa mlingo pamaso pa dokotala. Masiku ochepa oterowo ndi abwino. Miyezi yathunthu ayi, makamaka mumzinda wa Tete muno mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40. Thukuta pa pulasitiki ya matiresi limabweretsa zilonda msanga. Kwanu ku Angónia kozizirako ndi mwayi, musautaye.

Amayi a mpingo afunseni kuti aliyense ali ndi odwala angati, amabwera kangati pasabata, amakhala nthawi yaitali bwanji, ndipo amalemba pati zimene aona. Funsaninso amene anawaphunzitsa ndi nambala ya namwino kapena técnico amene amamuimbira zikavuta. Kuno ku Tete kuli ma activista, anthu othandiza odwala m'midzi, ambiri odziwa bwino za TARV (chithandizo cha ma ARV), pajatu magulu a GAAC, a anthu osinthana kukatenga ma ARV kuchipatala, anayambira m'chigawo chino mu 2008. Koma kudziwa kutsata ma ARV n'kwina, kudziwa ululu wa khansa n'kwinanso. Mphamvu ya amayiwa ndi kupumitsa banja, kuchapa, kutunga madzi, kupemphera ndi wodwala, ndipo zimenezi si zazing'ono. Usiku sabwera, muziwerengere zimenezo.

Namwino wolipidwa aonetse khadi lake la bungwe la anamwino la Ordem dos Enfermeiros de Moçambique. Mugwirizane polemba maola ake, ngati amayankha foni usiku, ndi amene amalowa m'malo mwake akadwala kapena akapita kumaliro. Akanena kuti morfina azibweretsa yekha popanda receita ya chipatala, mukaneni.

Njira yachidule yoonera luso ndi iyi: pemphani chilolezo kwa banja limene akulisamalira kale, mukaone wodwala wawo. Yang'anani zidendene, m'chiuno ndi fupa la kumunsi kwa msana. Khungu likafiira kapena kuda, n'kusasintha mutalidina ndi chala, chilonda chayamba. Yang'anani m'kamwa ngati muli zoyera ngati mkaka wowundana, zomwe zimafuna nystatin kapena fluconazole. Nunkhizani m'chipinda. Pa khansa iyi fungo ndi limene limathamangitsa abale, mayi n'kutsala yekha ndi manyazi, pamene mankhwala ake ndi otchipa: kutsuka ndi madzi owiritsa othira mchere, sipuni yaing'ono imodzi mu theka la lita, ndi metronidazole monga walembera wachipatala, womwa kapena wopera n'kuika pamalopo. Mkodzo ukayamba kudontha wosaleka chifukwa chotupa chaboola chikhodzodzo, khungu limatetezedwa ndi Vaseline kapena mafuta a zinc, ndi matewera kapena zidutswa za kapulana zosinthidwa pafupipafupi. Musunge nsalu zakuda pafupi. Magazi akabwera saoneka moopsa pa nsalu yakuda, ndipo wodwala ndi ana sachita mantha kwambiri. Wosamalira amene akuuzani zimenezi musanamufunse, mugwireni.

aPhiri a ku Zóbuè

Za ku Malawi ndiyankhe ine. N'zoona kuti anzathu anapita patsogolo pa chisamaliro chimenechi. Kuli Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kuli Ndi Moyo ku Salima, ndipo morfina yamadzi imagwiritsidwa ntchito m'zipatala za boma. Kwathu kuno ndondomeko ya dziko ya cuidados paliativos, chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika, inatuluka mu 2012, ndipo Unidade da Dor, nthambi yoona za ululu, ili ku Hospital Central de Maputo, kutali ndi ife. Kwa inu a ku Ulongwe, Dedza ili pafupi kuposa Tete, ndiye maganizo a abale anuwo si opanda nzeru.

Koma ganizirani izi. Ubwino waukulu wa magulu amenewo ndi kuyendera wodwala kunyumba, ndipo sangawoloke malire kudzafika kwanu. Mudzapeza kuonedwa ndi kulemberedwa mankhwala, koma ulendo uliwonse ndi wa mayi wopweteka m'chiuno atakhala pa chapa (minibasi). Funsani ngati amalola wachibale kudzatenga mankhwala ndi kope la wodwala, ndi kangati angatero asanafune kumuonanso mwini wake. Morfina ndi mankhwala olondedwa ndi malamulo m'maiko onse awiri, ndiye powoloka nayo ikhale m'botolo lake lolembedwa dzina la wodwala, pamodzi ndi receita ndi kalata ya chipatala. Mutenge zotsatira za kupima chotupa ndi mapepala onse a ku Tete. Alembedwa m'Chipwitikizi, choncho pemphani dokotala alembe dzina la matenda ndi mankhwala momveka. Ndipo musatenge morfina mbali ziwiri nthawi imodzi, wolemba akhale mmodzi.

Chinanso n'chovuta kuchitchula koma chiyenera kunenedwa pabanja. Mayi akatisiya ali kutsidya, kubweretsa thupi kumafuna mapepala a maiko awiri ndi ndalama za galimoto, nthawi imene banja latha kale mphamvu.

Ndisiyaneko pang'ono ndi Bambo Mwale. Funso loyamba lipite kwa mayi eni ake. Kodi auzidwa za matenda awo? Akufuna kukhala kuti, ndipo akufuna asambitsidwe ndi ndani? Mayi wachikulire angakane kuvulidwa ndi mpongozi kapena ndi namwino wamwamuna, n'kumabisa zilonda chifukwa cha ulemu. Wosamalira wabwino amakhala pansi, n'kulankhula ndi wodwalayo m'chinenero chake, osati kumangolankhula ndi ana pamwamba pa mutu wake. Muone zimenezi pa ulendo wawo woyamba.

aNambewe, Ulongwe

Zikomo kwambiri nonse. Zikuoneka kuti tiphatikiza: mayi akhale kunyumba, chipatala chizilemba mankhwala, amayi a mpingo azitipumitsa masana. Koma amuna anga akuopa morfina, akuti imafulumizitsa imfa ndipo munthu amaizolowera. Ndiwauze chiyani?

Bambo Mwale, Moatize

Auzeni kuti manthawo ali ndi anthu ambiri, ndipo amabwera chifukwa kawirikawiri morfina imaperekedwa mochedwa, munthu atatsala maola ochepa, abale n'kuona ngati yamupha ndi iyo. Ikayambika pa mlingo wochepa n'kumakwera motsata ululu, siifupikitsa moyo. Ambiri amayambanso kudya, kugona ndi kucheza ndi adzukulu. Mlingo ukamakwera, kawirikawiri ndi chotupa chimene chikukula, osati chilakolako cha mankhwala. Chofunika n'kusaisiya mwadzidzidzi, chifukwa thupi limakhala litaizolowera.

Chizindikiro choti yachuluka ndi tulo toti simungawadzutse bwino, ndi kupuma kochedwa, kosakwana ka 8 pa mphindi. Zikatero musapereke mlingo wotsatira, imbani foni. Amuna anuwo apite nawo kwa wolemba receita akamve okha, ndipo muwapatse ntchito yosunga kope: tsiku, ola, mlingo, ululu pa zala zisanu za dzanja, ndi tsiku limene mayi achita chimbudzi. Akadutsa masiku atatu osachita, nenani. Botolo likhale pokhoma, kutali ndi ana ndi dzuwa, muziyeza ndi sirinji yopanda singano osati sipuni ya tiyi, ndipo muzikatenga lina kukadali mankhwala a masiku asanu.