Tiyambe ndi chiti, kuchepetsa utsi kapena kuteteza anthu ku kusintha kwa nyengo?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Pa mgwirizano wa ku Paris wa mu 2015, mayiko analonjeza kuyesetsa kuti kutentha kwa dziko kusakwere kupyola madigiri 1.5 poyerekeza ndi nthawi imene mafakitale anali asanafale. Popeza chilala ndi madzi osefukira zafika kale, kodi si nzeru kuti ndalama zimene zilipo zipite kaye ku ntchito zoteteza anthu, za utsizo n'kudzaziona pambuyo?

Woyankha woyamba:
Funso lanu ndi lomveka, koma mwaiwala mmene mpweya wa carbon dioxide ulili. Ukatuluka powotcha malasha, mafuta kapena gasi, wina umakhala mumlengalenga kwa zaka mazanamazana, ndiye umangounjikana. Mafakitale asanafale unali magawo pafupifupi 280 pa miliyoni, pamene lero wadutsa 420. Utsi ukapanda kuchepa, khoma lotchinga madzi limene mungamange chaka chino lidzakhala lalifupi ana anu asanakalambe, chifukwa nyanja zikupitiriza kukwera pamene madzi oundana akusungunuka.

Woyankha wachiwiri:
Sindikutsutsa, komabe tisapeputse ntchito yoteteza anthu. Mu 1970 namondwe anapha anthu pafupifupi 300,000 m'dera limene lero ndi dziko la Bangladesh. Kuchokera nthawi imeneyo dzikolo lamanga nyumba zolimba zothawirako ndipo lakhazikitsa njira zochenjezera anthu mphepo isanafike, moti anamondwe a masiku ano, ngakhale amawonongabe nyumba ndi minda, sapha anthu ochuluka chotero. Phindu la kuchepetsa utsi limaoneka patapita zaka, koma chenjezo lofika pa nthawi yake limapulumutsa moyo usiku womwewo.

Woyankha wachitatu:
Kwa ine nkhani yagona pa amene ayenera kulipira. Africa yense amatulutsa utsi wosafika magawo 4 pa 100 alionse a utsi wa dziko lonse, pamene China ndi United States ndiwo ali patsogolo. Ku Copenhagen mu 2009 mayiko olemera analonjeza kuti pofika 2020 azidzapereka madola mabiliyoni 100 pachaka kwa mayiko osauka kuti alimbane ndi kusintha kwa nyengo, koma anachedwa kukwaniritsa, ndipo zambiri zinabwera ngati ngongole. Thumba lothandiza mayiko amene awonongekeredwa kale linavomerezedwa mu 2022 pa msonkhano wa mayiko ku Sharm el-Sheikh, m'dziko la Egypt. Choncho ochepetsa utsi kwambiri akhale eni utsiwo.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Chimene chikundivutabe ndi ngongoleyo: dziko losauka likakongola kuti limange makoma otchinga madzi, lidzabweza ndi chiyani namondwe wina akagumula makomawo?