Zovala zopangidwa konkuno: ndingazizindikire bwanji, nanga ndisokese motani?

Mayi wa ku Chitakale:
Abale, chaka chino ndikufuna kuchepetsako kaunjika n'kuyamba kugula zovala zathu za ku Malawi: yunifolomu ya ana, malaya a abambo ndi diresi la chitenje. Koma pamsika wa Limbuli aliyense amangoti "iyi ndi yabwino, amayi". Ndingadziwe bwanji kuti nsaluyo ndi ya konkuno? Nanga kwa telala ndipite ndi mamita angati?

Wogulitsa nsalu, Luchenza:
Amayi, choyamba musiyanitse zinthu ziwiri. Pali chovala chosokedwa ku Malawi, pali nsalu yopangidwa ku Malawi. Diresi akhoza kukusokerani telala wa pakhonde pa Chitakale pomwepo, nsalu yake ili yochokera ku China, ku Tanzania kapena yolowera pa chipata cha Muloza, m'malire ndi Mozambique. Fakitale yodziwika ya nsalu kuno ndi Mapeto David Whitehead ya ku Blantyre. Tambasulani chitenje chonse muwerenge zolembedwa m'mphepete mwake, poti mafakitale ambiri amadinda dzina lawo pamenepo. Chitenje cha mamita 2 nthawi zina chimadulidwa pamalo opanda dzina, ndiye pemphani kuona mpukutu umene achidulako.

Kenako yesani nsaluyo. Tikitani kona yake pakati pa zala ngati mukuchapa. Pakatuluka kaufa koyera, pamalopo n'kupyapyala, dziwani kuti kulimba kuja kunali sitachi chabe. Nyowetsani kansalu koyera mupukute pa maluwa ofiira kapena abuluu. Kakatenga mtundu wambiri, chitenjecho chidzasuluka msanga. Kuti mudziwe ngati ndi thonje, sololani ulusi pang'ono muuyatse ndi machesi. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa ndipo limasiya phulusa lofewa. Poliyesitala amasungunuka n'kusiya kam'bulu kolimba.

Telala wa pa boma la Thyolo:
Zoona zimenezo achimwene. Ine ndiyankhe za mamita. Nsalu ya chitenje m'lifupi mwake imakhala masentimita pafupifupi 115. Shati ya abambo ya manja aafupi imafuna mamita 2, ya manja aatali 2 ndi theka. Diresi lalitali kapena siketi ndi bulauzi, zitenje ziwiri, ndiye kuti mamita 4. Maluwa akakhala akuluakulu onjezerani theka la mita, chifukwa pofuna kuti akumane bwino pamsoko nsalu ina imatayika. Thalauzi la wamkulu ndi mita imodzi ndi theka ya nsalu yotambalala masentimita 150.

Chimene chimawononga zovala zambiri ndi kudula nsalu yosachapa. Thonje limafupika likalowa m'madzi koyamba, ndiye shati imene inakwana bwino tsiku lotenga imadzathina m'khwapa sabata yotsatira, anthu n'kumati telala sadziwa ntchito. Viikani nsalu m'madzi ozizira, muyanike pamthunzi, musite, kenako mubwere nayo. Ndipo mwini chovala abwere yekha adzayezedwe. Zoti "ndi wamtali ngati uyu" zija sizithandiza.

Potenga chovala chitembenuzeni kaye musanamalize kulipira. Msoko ukhale wothinana, timfundo 4 kapena 5 pa sentimita imodzi. Ukakhala wotalikirana umathetheka pakhundu. M'mphepete mwa msoko m'kati mukhale modutsa ovaloko (msoko wa makina womanga m'mphepete mwa nsalu) kapena mopindidwa kawiri, apo ayi ulusi umayoyoka pochapa. Kokani pang'ono m'khwapa, pakamwa pa thumba ndi pakati pa miyendo ya thalauzi, malo amenewa amafunika kubwereza msoko. Pa yunifolomu uzani telala apinde masentimita 5 kapena kuposa m'munsi, mwana akatalika mudzangomasula. Zipi gulani nokha yabwino. Zipi yotchipa ndi imene imayamba kufa diresi likadali latsopano.

Bambo wa ku Bvumbwe:
Ndikuvomereza, koma tisanamizane. Zipi, mabatani, ulusi wambiri ngakhale makina osokera ndi zakunja. Kampeni ya Buy Malawi, yolimbikitsa kugula katundu wa m'dziko muno, inakhazikitsidwa mu 2016, thonje timalima ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima, komabe jekete yoti ikutchingeni ku chiperoni cha mu June ndi July mudzaipeza mosavuta m'belo la kaunjika. Pamenepo musadzivute. Majuzi a sukulu okha ndi amene amayi oluka ndi makina amapanga bwino konkuno. Onani kuti pakhosi ndi m'mikono pakubwerera mukakoka.

Telala wa pa boma la Thyolo:
Eya bambo, za jekete sinditsutsa. Kwa amayi ndiwonjezere za chinyezi cha kwathu kuno. Thonje limachedwa kuuma kusiyana ndi poliyesitala, ndipo mukalipinda lisanaumitsitse limachita madontho akuda osachoka. Choncho mwana akhale ndi mayunifolomu awiri osinthanitsa, ndipo nthawi ya mvula muziwasita akachoka pachingwe musanaike m'sutukesi. Kukasoketsa pitani mu July kapena kumayambiriro kwa August. Sukulu zikayandikira kutsegulira mu September ntchito imatichulukira, ndipo msoko wothamangira ndi umene umathetheka.