Mabuku a mbiri yakale pashelefu ya sukulu: tiyambe ndi ati?

Mayi Tembo, Kapata:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pasukulu pathu tapatsidwa shelefu imodzi ndi ndalama zochepa zogulira mabuku a mbiri yakale. Tikufuna okhudza kuno Kum'mawa kwa Zambia, Africa yonse ndi maiko akunja. Tiyambe ndi ati, nanga buku lodalirika timalidziwa bwanji?

A Jere:
Mayi, za Africa musatayirepo ndalama. General History of Africa ya UNESCO ili pa intaneti kwaulere. Mavoliyumu ake ndi aakulu zedi, ndiye sindikizani mitu yokhayo imene mukuphunzitsa. Za Amaravi zili mu voliyumu 5, za Mfecane (nkhondo ndi kusamuka kwa mitundu kum'mwera kwa Africa) mu 6, ndipo 7 ikukamba za atsamunda kuyambira 1880 mpaka 1935.

Ndalamazo zipite ku A History of Zambia ya Andrew Roberts. Kumbukirani kuti inatuluka mu 1976, choncho za zipani zambiri za mu 1991 simuzipezamo. Za Angoni a Mpezeni zili m'buku la J.A. Barnes la mu 1954, Politics in a Changing Society, koma Chingelezi chake n'cholimba. Limenelo n'la aphunzitsi, osati ana.

A Phiri, Katete:
A Jere mwanena bwino, koma Achewa mwawasiya kuti? Pakhale Mbiri ya Achewa ya Samuel Nthara, yolembedwa m'chinenero chathu chomwechi. Nthara anali wa ku Malawi ndipo zambiri anamva kwa akuluakulu a kumeneko, n'chifukwa chake za Undi, mfumu yaikulu ya Achewa a kuno, muyenera kuonjezera ndi mabuku ena. Lina ndi la Gamitto, Mpwitikizi amene anachoka ku Tete kupita kwa Kazembe mu 1831 ndi 1832, m'Chingelezi limatchedwa King Kazembe. Ubwino wake ndi wakuti anadutsa m'midzi ya Achewa Angoni asanabwere. Koma anali msilikali wa Apwitikizi, ndipo miyambo imene sanaimvetse anailemba monyoza. Ana aziwerenga akudziwa kuti wolembayo anali ndani ndipo ankatumikira ndani.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi mayina. Mukayang'ana Chipata pamndandanda wa kumapeto kwa buku lakale, mudzaganiza kuti mulibe za kwathu, chikhalirecho zili pa Fort Jameson, dzina lakale la Chipata. Achewa mudzawapeza pa Cewa kapena Cheva, Amaravi pa Marave, Luangwa pa Loangwa, Mpezeni nthawi zina pa Mpeseni.

Buku liyeseni ndi zaka zodziwika. Zwangendaba, mtsogoleri wa Angoni, anaoloka Zambezi mu November 1835. Chaka chimenechi n'chotsimikizika chifukwa tsikulo kunachitika kadamsana, ndipo akatswiri a zakuthambo amatha kuwerengera tsiku lake. Nkhondo ya Angoni ndi azungu, imene Nsingo, mwana wa Mpezeni, anaphedwera, inachitika mu 1898. Fort Jameson inaleka kukhala likulu la North-Eastern Rhodesia mu 1911. Buku likaphonya zimenezi, libwezeni. Koma likatchula chaka chenicheni chimene Kalonga, mfumu ya Amaravi, anafikira kuchokera ku Uluba (ku Congo), likayikireninso, pakuti nkhani imeneyo inasungidwa pakamwa ndipo akatswiri amangoyerekeza.

A Zulu:
Za maiko akunja, Mastering Modern World History ya Norman Lowe ndi yosavuta kwa ana a Giredi 12. Imayambira pa nkhondo ya 1914, ndiye za Bismarck, mtsogoleri wa Germany, ndi msonkhano wa ku Berlin wa 1884 mpaka 1885 zifuna buku lina. Onani kuseri kwa tsamba loyamba kuti linasindikizidwa liti. Lotuluka 1991 isanafike limakamba za Soviet Union ngati ilipobe.

Mabuku ambiri otchedwa a dziko lonse amangozungulira ku Ulaya. Musanagule, tsegulani mitu muone ngati China, Japan ndi ufulu wa India wa mu 1947 zapatsidwa malo. Ochepa okha ndiwo amanena kuti asilikali a Germany a von Lettow-Vorbeck anagonjera ku Abercorn, Mbala ya lero, pa 25 November 1918, patapita milungu iwiri nkhondo itatha ku Ulaya.

Mabuku otchipa a mumsewu ambiri ndi ofotokopa: masamba ena amasowa, mapu amakhala akuda bii. Unikani manambala a masamba musanalipire. Pa ndalamazo musiyeko zogulira buku la mapu a mbiri yakale, ndipo shelefuyo isagunde khoma, chiswe ndi chinyontho cha m'dzinja zingakuonongereni.

Mayi Tembo:
Zikomo nonse. A Phiri, buku la Nthara likupezekabe m'masitolo, kapena tifunse ku malaibulale a mishoni?