Kansalu konyowa ka m'ndege: n'kamanja okha kapena nkhope yomwe?

Nachisale_LL:
Inu amene mumakwera ndege pafupipafupi, tandithandizeni. Mwezi wathawu ntchito inandituma ku Tokyo, ndipo pobwerera anandikhazika kutsogolo, ku business class. Tisananyamuke n'komwe, wogwira ntchito m'ndege anabwera ndi tinsalu toyera tokulungiza bwino, totentha, akumapatsa aliyense ndi kopanira. Ine ndinapukuta m'manja basi, koma bambo amene ndinayandikana nawo anapukuta nkhope, khosi mpaka kuseri kwa makutu. Cholondola n'chiti? Nanga mwambowu unayamba bwanji?

Jafali wa ku Nagoya:
Mayi, munachita bwino. Kuno ku Japan kansaluko amakatcha oshibori, ndipo si ka m'ndege mokha. Mukalowa m'lesitilanti, ngakhale yaing'ono, amayamba akupatsani kameneko musanaitanitse chakudya. Nyengo yozizira kamabwera kotentha, nyengo yotentha kamabwera kozizira. Kale m'nthawi ya Edo (zaka za m'ma 1600 mpaka m'ma 1800), nyumba zogona apaulendo zinkaika madzi ndi kansalu pakhomo kuti woyenda pansi achotse fumbi asanalowe. M'ndege, a Japan Airlines anayamba kugawa tinsaluti pa maulendo opita kunja mu 1959, kenako makampani a mayiko ena n'kutengera.

Mwaulemu wake ndi ka m'manja. Zopukuta nkhope zimachitika ndithu, makamaka azibambo achikulire akaweruka kuntchito, koma achinyamata amawaseka. Choipa zedi ndi kupukutira tebulo kapena kuminira mamina. Mukatha, kapindeni n'kukabwezera pamene kanali. Pali makampani amene ntchito yawo ndi kutolera tinsaluti m'malesitilanti, kuchapa, kukulunga m'pulasitiki n'kubweretsanso. Tili ndi tsiku lake lokumbukira, pa 29 October.

MaiBongo:
Achimwene a ku Nagoya, malamulo a m'lesitilanti musawakweze ndege. Mpweya wa m'mwambamo ndi wouma kwabasi, ndipo kuchoka pa bwalo la ndege la Narita ku Tokyo kudzera ku Seoul mpaka Addis Ababa ndi ulendo woti umatsika nkhope itachita gwa. Kansalu kofunda kakabwera m'mawa anthu atangodzuka, ine ndimakaika pamaso kaye, ndipo palibe anandiyang'anapo moipa. Kungoti muzikatambasula ndi kukapepeza pang'ono, nthawi zina kamachoka motenthetsera kakuotcha.

Kamowa77:
Ndiye zodabwitsa zili pati? Kwathu mlendo sakhudza nsima mwana asanabwere ndi beseni ndi jagi ya madzi ofunda n'kugwada. Kusiyana kwake n'kwakuti uko mwalipira tikiti ya mamiliyoni. Ife a kumbuyo amatiponyera kapepala konyowa ka m'paketi, mwinanso osatipatsa.

Jafali wa ku Nagoya:
A Kamowa, kapepalako nakonso kuno amakatcha oshibori, mukagula chakudya cha m'kabokosi m'sitolo amakuikirani m'jumbo. MaiBongo, za pamaso m'ndege ndavomera. Koma za kuseri kwa makutu zija, ayi.