Sikani ya m'chiuno mwa khanda amapangira kuti?

Amayi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili ku Ulongue, ku Angónia, kuno ku Mozambique. Mwana wanga wamkazi ali ndi masabata 7, anabadwa motsogoza matako. Pomusambitsa ndaona kuti mwendo wakumanzere sukutambasukira kumbali ngati unzake, ndipo makwinya a pantchafu ndi osiyana. Anamwino akuti mwina fupa silinakhazikike bwino m'chiuno, tikamujambulitse sikani, imene kuno amati ecografia, poti X-ray sionetsa bwino mwana asanafike miyezi 4 mpaka 6, mafupa akadali anthete. Ine ndinkayesa makinawa ndi a amayi oyembekezera okha!

Alipo anapimitsapo khanda chonchi? Munapita ku Tete kapena munawolokera ku Dedza? Munalipira zingati? Apongozi akuti ndizingomubereka kumbuyo akhala bwino, koma ine mtima suli m'malo.